Dona Marcelina, amene ankawerenga miyezi pa mafupa

Pa maliro a Dona Marcelina mwezi wathawu, ansembe anapempha kuti aliyense amene anabadwira m'manja mwa malemuwo aimirire. Mabenchi analira. Anaimirira asodzi a imvi, anaimirira aphunzitsi awiri amene anachita kuchokera ku Lichinga, anaimirira atsikana obereka makanda kumbuyo, ena mwa makandawo ali a m'manja omwewo. Asilamu amene anakhala panja pa tchalitchi nawonso anadzuka pa udzu. Mwana wanga Tomasi, amene tsopano ndi bambo wa ana anayi, anaimirira kumbali ya abambo. Ine ndinakhala. Sindinabadwire m'mudzi muno, ndinachita kukwatiwamo kuchokera ku Meluluca, choncho palibe anadabwa nane.

Kenako ansembe ananena kuti malemuwo anali mayi wachifundo. Ansembewo ndi achilendo kuno, abwera chaka chatha. Amayi amene ndinakhala nawo benchi imodzi anayang'ana zala zawo. Mzamba wodziwa ntchito ngati a Dona sitidzamuonanso m'mbali mwa nyanja ino, kuyambira ku Lunho mpaka ku Cobue. Koma chifundo ayi. Ndakhala nawo moyandikana zaka zoposa makumi atatu, nyumba zathu zikusiyanitsidwa ndi munda umodzi wa chinangwa, ndipo sindinachione.

Anali aatali, owonda, oongoka msana. Duku lawo linali loyera tsiku lililonse, zikhadabo zowengedwa mpaka pa mnofu, ndipo ankanunkhira sopo wochapira. Kulikonse ankayenda ndi ambulera wakuda ndi kabokosi kachitsulo. Sankadya pakhomo pamene abereketsa, ngakhale uwaphere nkhuku. Akadula mchombo, mwana ankamupereka kwa amene ali pafupi, osamuyang'ananso kumaso. Moni wawo kwa mayi woyembekezera unali woyang'ana pamimba n'kutchula mwezi, mokweza, m'Chipwitikizi, kaya ndi pamsika kaya pali apongozi aamuna. Atsikana ambiri makolo awo anadziwira pamenepo.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mtsikana pa chipatala cha mishoni. Nkhondo itafika anathawira ku Likoma ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Jaime, bambo wa mwanayo atamira panyanja, ndipo kumeneko ankabereketsa anzawo othawa. Anabwerako ndi kabokosi kaja ndi buku limodzi lopanda chikuto. M'bukumo munali zithunzi za mwana ali m'mimba, mwezi ndi mwezi. Sankalola munthu kulikhudza, koma zimene zinali m'menemo ankauza aliyense, wofuna ndi wosafuna, makamaka pakakhala ndiwo za nkhuku. Ankatola fupa la mwendo n'kukuonetsa nsonga zake zoyera zotafunika zija, chicherewecherewe, n'kunena kuti aliyense anayamba choncho. Mwezi wachiwiri usanathe, ankatero, manja ndi miyendo zimakhala zitaumbika kale, koma m'kati mwake mulibe fupa. Muli chicherewecherewe chokhachokha choumbika ngati fupa, chaching'ono kuposa munga wa usipa. Kenako mtsempha wa magazi umaboola pakati penipeni, kuuma n'kuyambira pamenepo, kumafalikira kunsonga zonse ziwiri sabata ndi sabata. Mwana amabadwa nsongazo zikadali zofewa, ndipo pafupi ndi mfundo pamatsala kachigawo kopyapyala kamene kamamutalikitsa. Tsiku limene kachigawoko kauma, munthu waleka kukula. Ankamaliza ndi mawu amene tonse tinawaloweza, akuti mayi amaiwala tsiku limene anasamba komaliza, mwamuna amanama, koma fupa silidziwa kuchita manyazi.

Nzeru zimenezi ankazigwiritsa ntchito ngati mkwapulo. Panali a Che Saide, amene ankalumikiza mafupa othyoka ndi timitengo ta nsungwi, ndipo anthu ambiri anachira m'manja mwawo. Tsiku lina mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu anagwa mu mtengo wa mango n'kuthyoka dzanja pafupi ndi mfundo. A Che Saide analikoka, kulipotoza, n'kulimanga. A Dona anawapeza pamsika wa nsomba n'kuwauza kuti aphwanya kachigawo kokulitsa kaja, ndipo dzanjalo lidzatsala lalifupi. Ananena zimenezi mnyamatayo ali pomwepo, atagwira kapulana ya mayi ake. Zinachitikadi. Dzanja linatsalira, linapindika. Kuyambira pamenepo, alendo akabwera pakhonde pawo mnyamatayo n'kudutsa, ankamuitana kuti atambasule manja onse awiri alendowo aone kusiyana kwake. Anamuchita zimenezo mpaka atamera ndevu, pamene anasamukira ku Metangula.

Mkazi wina, Luisa, anabereka mwana wa mutu waukulu, manja ndi miyendo yaifupi. M'mudzi munali phokoso. Ena ankati Luisa anaseka munthu wolumala ali ndi pakati, ena ankaloza agogo ake a mwanayo. A Dona anaima pabwalo n'kuzithetsa zonsezo. Anati palibe mfiti, palibe tchimo, ndi chicherewecherewe cha kunsonga za mafupa chimene sichikukula bwino, ndipo nzeru za mwanayo zidzakhala zonse. Agogo aja anapulumuka tsiku limenelo. Luisa anagwada kuti athokoze.

"Dzuka," anatero a Dona. "Koma usamamusokere zovala zokulira. Ungotaya nsalu."

Adani awo enieni anali anamkungwi akale. Kalelo, mayi akavutika pobereka, amayi akuluakulu ankamuzungulira n'kumamuumiriza kuti atchule amuna amene anayenda nawo, amati mwana satuluka mpaka mayi aulule. A Dona ankadana nazo kwambiri zimenezi. Ankati chimene chimatsekereza mwana ndi mafupa a m'chiuno kapena kagonedwe ka mwanayo, ndipo dzina la mwamuna silinakulitsepo chiuno cha munthu. Ndinawaonapo akutulutsa amayi anayi m'nyumba ndi ambulera uja, wachisanu n'kumukhuthulira beseni la madzi. Mwambowo unatha m'mudzi muno chifukwa cha iwo okha. Akangomveka kuti akubwera, anamkungwi ankatola mphasa zawo. Ndikufuna izi zidziwike, chifukwa popanda izi zotsatirazi sizimveka kuwawa kwake.

Ndiponso Tomasi wanga ndi wawo. Anabwera chotsogoza matako, mchombo utamukulunga pakhosi, dzuwa lili paliwombo m'mwezi wotentha. Ine ndinali nditaleka kukankha, ndikungoitana amayi anga. A Dona anandimenya mbama n'kundiuza kuti amayi anga ali ku Meluluca ndipo sandimva. Analowetsa dzanja, anachita zimene anachitazo, mwana n'kutuluka wotuwa ngati phulusa. Anamuyamwa m'mphuno ndi pakamwa pawo, kumupumira, mpaka analira. Kenako anamuponya pachifuwa panga n'kupita kukasamba m'manja. Ndikamuona Tomasi akutsika m'bwato ndimadziwa amene anandipatsa. Sindinapeze njira yoiwalira zimenezo, ngakhale ndinaifunafuna.

Mng'ono wanga Zaituna anabwera kudzandithandiza chikuta cha mwana wanga wachitatu. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, woseka msanga, wodziwa kuyanika usipa kuposa tonse. Jaime anamuona pachitsime. A Dona ankafunira mwana wawo mphunzitsi kapena namwino, osati mtsikana wa m'banja la Chisilamu amene analekeza sukulu pa kalasi yachinayi. Sanakanize ukwati. Anangomuitana Zaituna pakhonde, kumuimiritsa, kumugwira m'chiuno uku ndi uku ngati mbuzi ya pamsika, n'kunena kuti n'chopapatiza. Dzina lake sanalitchulepo. Ankati "uyu wa ku Melulucayu." Zaituna ankawatungira madzi, kuwasinjira kondowole, kuwachapira maduku aja. Ankandiuza kuti adzazolowerana.

Patatha chaka Jaime anapeza ntchito ku migodi ya malasha ku Tete. Anakhalako miyezi khumi, n'kubwera pa Khirisimasi. Chakumapeto kwa Febuluwale, m'mawa wina, Zaituna akuanika usipa pa thandala anagwira pamimba n'kukhala pansi. Pofika masana anali atapita padera, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, mmene a Dona ankabereketsera.

Tinalimo amayi asanu: ine, a Dona, azakhali ake a Jaime dzina lawo a Rosa, ndi amayi awiri oyandikana nafe. Zaituna anagona chotembenukira kukhoma. Kanthu kamene kanatulukako kanali mu beseni, kotalika ngati chikhatho changa, zala zonse zitaoneka. Tonse tinali titaberekapo, ena titapitapo padera. Tinaona, ndipo aliyense anawerenga mumtima kuyambira Khirisimasi. Palibe anayang'ana mnzake. A Rosa ndi amene anatambasula kansalu koti akulungire, n'kunena mofatsa kuti mimba ya miyezi iwiri imachoka kawirikawiri, mtsikanayu akadali wamng'ono, adzatenga ina. Amayi awiri aja anavomereza. Nkhani inali itatha pamenepo. Nthayo imaikidwa ndi amayi okha, mwakachetechete, mwamuna saiona, ndipo zimene amayi aona zimatsala kwa amayi.

"Iwiri?" anatero a Dona.

Anakankha dzanja la a Rosa, n'kutulutsa kanthuko mu beseni. Anatsegula zenera. Anagwira kantchafu pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kukakweza kudzuwa. Khungu lake linali lopyapyala moti kuwala kunkapyola, ndipo pakati pa ntchafuyo pankaoneka kamzere kakuda, kotalika ngati mfundo imodzi ya chala. Anayamba kutiphunzitsa, ndi mawu omwe aja a pa ndiwo za nkhuku. Anati pa miyezi iwiri mwendo umapindika wonse ngati ulusi, kuuma kumakhala kutangoyamba, ngati kamchenga kamodzi. Anati tione apa pamene fupa lafika. Kenako anatigwiritsa mmodzimmodzi. Anatenga chala cha a Rosa n'kuchidinikiza pakati pamene panali polimba, kenako kunsonga pamene panali pofewa. Anatenga cha mayi wachiwiri, cha wachitatu. Atafika pa ine ndinabisa manja kumbuyo. Anandigwira pamkono n'kulikoka. Ndinalimva fupalo. Linali lolimba ngati kachitsotso ka machesi.

"Kwaturu," anatero. "Miyezi inayi."

Zaituna anatembenuka. Milomo yake inali yoyera. "Amayi," anatero, "inu mukudziwa."

"Ndikudziwa mafupa."

A Rosa anagwada n'kuwagwira miyendo, kuwapempha kuti zithere m'chipindamo. A Dona anawalumpha. Anaima pakhomo n'kuitana Jaime, amene anali pansi pa mtengo ndi amuna anzake akudikira uthenga. Amayi awiri aja anaphimba kumaso ndi makapulana, chifukwa chinthu choterocho chinali chisanachitikepo. Jaime anabwera mozengereza. Amayi ake anamutambasulitsa dzanja, n'kumuika kanthu kaja pachikhatho, n'kumufunsa kuti anafika liti kuchokera ku Tete. Anamuuza kuti awerenge yekha, popeza sukulu anapita. Amuna a pansi pa mtengo aja anamva zonse.

Jaime sanamumenye Zaituna. Anaika kanthuko pansi, pa dothi, n'kupukuta dzanja pa buluku. Patatha masiku atatu katundu wa mng'ono wanga anali panja, m'thumba la ufa.

Ndinamuperekeza kudoko akadali kutaya magazi. Tikudikira bwato ndi pamene anandiuza. Mwezi wa Okutobala anapita ku Cobue kukagulitsa usipa, bwato lobwerera linamusiya, ndiye anayenda wapansi. Pa mtsinje wina wouma, m'mabango, mwamuna wosamudziwa anamugwira. Anafika kunyumba atang'ambika, ndipo munthu woyamba kumuona anali apongozi ake. A Dona anamusambitsa, anamusoka ndi singano ya m'kabokosi kaja, n'kumulamula kuti asauze munthu, ngakhale ine. Mwezi utadutsa osasamba, anabwereranso kwa iwo. Anamuuza kuti amange pamimba ndi nsalu, Jaime akabwera agone naye, ndipo mwana akadzabadwa iwo adzanena kuti wabadwa masiku asanakwane. Anati palibe m'mbali mwa nyanja ino amene angawatsutse pa nkhani ya miyezi. Zaituna anachita zonse monga anauzidwira. Anandiuza kuti m'miyezi imeneyo ankaganiza kuti apongozi ake ayamba kumukonda.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa Jaime n'kumuuza. Anakafunsa amayi ake ine ndili pomwepo. A Dona anali kusita duku. Anayankha kuti asoka akazi ambiri pa moyo wawo ndipo sasunga mayina. Jaime anandiyang'ana, anayang'ana amayi ake, n'kutuluka. Chaka chisanathe anakwatira mphunzitsi wa ku Metangula.

Mbiri inafika ku Meluluca Zaituna asanafike. Bambo athu sanamuthamangitse, koma analeka kudya chakudya chimene iye waphika. Patapita nthawi anamukwatitsa kwa bambo wina wachikulire wa kumapiri, kumtunda kwa Meluluca, kukakhala mkazi wachitatu. Kumeneko anatenga pakati. Tsiku lake litafika, uthenga unandipeza pa foni ya mwamuna wanga: Zaituna wakhala pa mphasa kuyambira dzulo, mwana sakutuluka, ndipo amayi a kuchimuna akana kumutengera kuchipatala mpaka atatchula amuna ake. Ankati mbiri yake akuidziwa.

Mwamuna wanga anali ndi bwato la injini, mafuta analimo. Ndikanatha kupita ndekha, koma ndinkadziwa kuti mawu anga sakanasuntha anamkungwi a mudzi wa eni. Munthu amene akanawabalalitsa anali mmodzi. Ndinadutsa m'munda wa chinangwa uja n'kuwapeza a Dona akusenda mtedza pakhonde. Ndinagwada pa dothi. Ndinawauza kuti ndi zomwe zija amadana nazo, mtsikana akufa atazunguliridwa ndi amayi ofunsa mayina. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe ananena kuti chiuno chake n'chopapatiza.

"Ndinanenadi," anayankha. "Ndiye ukufuna ndikachikulitse?"

Ndinati bwato lili pamadzi, tikawanyamula pokwera phiri. Anati anapuma ntchito, maondo awo salola, ndipo kumeneko si dera lawo. Sanaleke kusenda mtedza. Tinapita awiri ndi mwamuna wanga. Tinafika dzuwa litapendeka, ndipo tinakumana ndi machira panjira, akutsika naye phiri mochedwa. Zaituna anali atamwalira, mwana ali m'mimba. Mmodzi wa amayi aja anandiuza, ngati akundipepesa, kuti Zaituna anatchula mayina asanu ndi awiri. Anatchula mphunzitsi wake wakale, wogulitsa mchere, mpaka munthu wina amene anamwalira iye ali mwana. Ankangotchula aliyense amene wamukumbukira kuti amusiye.

Sabata yotsatira a Dona anakwera galimoto kupita ku Metangula kukabereketsa mkazi wa msilikali wina wa panyanja, amene sankakhulupirira anamwino achitsikana. Anabwerako ndi ambulera watsopano.

Zaka khumi ndi zinayi sindinawalankhule. Tinkakumana pachitsime, pa maliro, m'tchalitchi. Iwo ankandipatsa moni monga kale, "make Tomasi," ine n'kuyang'ana kumbali, ndipo sizinkaoneka kuti zikuwakhudza. Mkazi wa Tomasi atatenga pakati poyamba ndinalamula kuti akachirire kuchipatala. Mvula inagumula mlatho, ndipo mdzukulu wanga woyamba anabadwira m'kachipinda komwe kaja, ine nditaima panja. A Dona anamutulutsa bwinobwino.

Ukalamba sunawafewetse. Namwino wina wachinyamata atabwera ndi makina oonera mwana m'mimba, n'kuyeza fupa la m'ntchafu pa kanema kuti adziwe miyezi, a Dona anapita kukaona. Anamuuza kuti iwo akhala akuchita zimenezo ndi zala kuyambira mayi ake a namwinoyo asanamere mano. Kenako anamutsutsa ndi masabata awiri pa mimba ya mtsikana wina, ndipo mwanayo atabadwa pa tsiku lawo, anayenda ulendo wonse kukamuuza namwinoyo pamaso pa odwala.

Zaka ziwiri zapitazo anaterereka pa mwala wochapira n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Silinalumikizane. Jaime ankakhala ku Lichinga ndi mkazi wake mphunzitsi uja. Sanabereke mwana, ndipo mkaziyo anakana kukhala nyumba imodzi ndi apongozi ake, amene anali atamuyeza ndi maso zaka zonsezo n'kumauza anthu pamene pali vuto. Amayi a m'tchalitchi anagawana masiku owasamalira. Ine sanandiike pa mndandanda. Koma tsiku lina mwezi wa Juni, amene anali ndi tsikulo anadwala, ndipo kuitana kwawo kunkamveka mpaka kwathu. Ndinamvetsera kuyambira m'mawa mpaka masana. Kenako ndinapita.

Ndinawapeza atadziipitsira. Anali atachepa ngati mwana, duku litagwa, tsitsi lili patalipatali. Ndinawatembenuza, ndinawasambitsa, ndinasintha nsalu. Sanathokoze. Anandiuza kuti ndikugwira mwendo molakwika, ndipo anandionetsa pogwira. Nditamaliza ndinakhala pa mpando n'kuwafunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezo. Ndinati iwo ndi amene anamusoka, iwo ndi amene anamuuza kuti abise, a Rosa anali atatambasula kale nsalu. Chinawavuta n'chiyani kukhala chete?

Ndinkaganiza kuti anena kuti sakumbukira, kapena abwereza za mafupa osadziwa manyazi. Anandiyang'ana ndi maso omwe aja, osagwedera.

"Akanabadwa wamoyo ndikanasunga mawu anga," anatero. "Jaime sakanabereka, ndinkadziwa kuyambira pamene anadwala matsagwidi n'kutupa kumaliseche ali mnyamata. Mwana ameneyo ndinkamufuna. Ndikanamulera ngati wanga."

Anapitiriza ndi mawu omwewo.

"Koma anafa. Ndiye panatsala mkazi yekha. Mkaziyo sindinkamufuna."

Kenako anandipempha madzi akumwa. Ndinawatungira, ndinawakweza mutu, anamwa. Anati madziwo ndi ofunda. Ndinaika kapu pansi n'kutuluka, ndipo sindinalowemonso ali moyo. Za Jaime sindinauze munthu mpaka lero. Iye ali ku Lichinga, akuyesabe kuti vuto linali la akazi ake.

A Dona anamwalira masana, ali okha, mayi wa tsikulo atapita kukavuula chinangwa m'madzi. Matabwa anasowa m'mudzi, ndiye akalipentala anazula chitseko cha nyumba yawo ndi cha kachipinda kaja n'kukhomera bokosi. Jaime anakhala masiku anayi. Pochoka anatenga makina osokera ndi mipando iwiri, n'kuuza anthu kuti nyumbayo adzaibwereketsa kwa mphunzitsi aliyense amene angatumizidwe kuno. Palibe wabwera.

Tsopano nyumbayo ili yasa. Mphepo ya mwera imalowa kutsogolo n'kutulukira kuseri, itanyamula masamba a mango mpaka kuchipinda chogona. Bedi lachitsulo latsala, chifukwa palibe anafuna kugonapo. Mavu amanga pa mtanda wa denga. Pakhonde pamera chisoso m'ming'alu ya simenti, ndipo chingwe choyanikapo zovala chaduka mbali imodzi, chikukwawa pansi. Ana a sukulu poyamba ankaopa kudutsapo, koma tsopano amalowa kukabisalirana, n'kumalemba mayina awo kukhoma ndi makala.

Dzulo m'mawa, ndikupita kuchitsime, ndinamva kulira m'kachipinda ka kuseri. Ndinatula ndowa n'kusuzumira. Inali mbuzi ya ayandikani athu, itagona pakona pamene pankakhala mphasa, ikuswa. Kamwana kamodzi kanali katatuluka kale, konyowa, kakuyesa kuima n'kumagwa. Kachiwiri kanali panjira. Ndinaima pakhomo lopanda chitsekolo mpaka kanatuluka, make n'kunyambita tiana tonse tiwiri. Kenako ndinasenza ndowa yanga n'kupita kukatunga madzi.